Mzere wa Leicester pa tebulo la ligi ya England ya 2015/16

Mzere woyamba wa tebulo lomaliza la ligi yaikulu ya ku England ya 2015/16 uli motere: Leicester City, 38, 23, 12, 3, 68, 36, +32, 81. Dzina limodzi ndi manambala asanu ndi atatu basi. Masewero 38, kupambana 23, kufanana mphamvu 12, kugonja katatu, zigoli zochinya 68, zowachinya 36, kusiyana kwa ziwirizi 32, mapointi 81. Pansi pake pali mizere ina 19 yolembedwa mwa dongosolo lomwelo, kutsika mpaka pa Aston Villa.

Pa Malomo tebulo ngati ili timalionera m'mavidiyo sho mpira ukangotha. Limabwera pa sikirini kanthawi kochepa, anthu ali chiimire, ena akupanikizana pakhomo kuti akapitidwe mphepo kunja, mwini malo akufuna kuzimitsa jenereta. Maso onse amathamangira malo awiri, dzina la timu kumanzere ndi mapointi kumanja. "Tili pa nambala chani?" "Atisiya ndi angati?" Zapakatizo palibe amaziwerenga. Komatu nkhani ya chaka chimenecho ili pakati pomwepo, ndipo ikusiyana ndi imene timauzana mpaka lero, yoti Leicester idangotola chikho matimu akuluakulu atagona.

Tiyambe ndi madanga a zigoli. Leicester idachinya 68, koma Manchester City idachinya 71 ndipo Tottenham 69. Leicester idachinyidwa 36, chimodzimodzi Arsenal, pamene Tottenham ndi Manchester United adachinyidwa 35 aliyense. Pa kusiyana kwa zigoli Tottenham ili ndi +34, kuposa akatswiri. M'madanga atatu onsewa Leicester si yoyamba. Wina atatseka ndi chikhatho zina zonse n'kukusonyezani zigoli zokha, chikho mukadapereka kwa Tottenham osaganiza kawiri. Koma Tottenham ili pa mzere wachitatu, mapointi 70, kutsalira ndi 11.

Funso loyenera ndiye si lakuti adachinya zingati, koma zigolizo adaziika pati. Mu Okutobala 2015 Manchester City idakwapula Newcastle 6-1, Sergio Agüero yekha n'kumwetsa zisanu. Tsikulo City idatenga mapointi atatu, omwewo amene timu imatenga ikapambana 1-0. Leicester sidachinyepo zoposa zinayi m'masewero amodzi chaka chonsecho. Mwa masewero 23 amene idapambana, 14 idapambana ndi kusiyana kwa chigoli chimodzi, ndipo asanu ndi awiri mwa amenewa adatha 1-0. Mlimi wa kuno amene ali ndi thumba limodzi la feteleza amayeza ndi kachitsekero ka botolo, phando ndi phando, mpaka munda wonse ulawe. Sakhuthulira m'mizere iwiri ya m'mbali mwa njira kuti odutsa atame. Zigoli 68 za Leicester zidathiridwa motero. Zigoli 71 za City zidabala mapointi 66 okha.

Nambala yaing'ono kwambiri pa mzerewu ndi imene ikulemera kuposa zonse: 3. Tottenham idagonja kasanu ndi kamodzi, Arsenal kasanu ndi kawiri, matimu awiri a ku Manchester kakhumi aliyense. Kugonja kutatu kwa Leicester n'kosavuta kukumbukira. Arsenal idawathira 5-2 pabwalo la Leicester pa 26 Seputembala 2015. Liverpool idawagonjetsa 1-0 ku Anfield pa 26 Disembala. Arsenal idabwerezanso 2-1 pa 14 Febuluwale 2016, Leicester itatsala ndi anthu khumi Danny Simpson atapatsidwa khadi lofiira, Danny Welbeck n'kumwetsa ndi mutu mpira uli pafupi kutha.

Apa ndi pamene anzathu okonda Arsenal, amene pa Malomo ndi ambiri moti chizindikiro cha mfuti chija mumachiona pa njinga za kabaza ndi pa zitseko za mashopu, amayambira mkangano wawo. Timu imene tidaimenya kawiri ingakhale bwanji katswiri? Ndimawamvetsa, chifukwa madzulo a 14 Febuluwale mpata udatsala wa mapointi awiri okha, ndipo chikho chinkaoneka kuti chikupita ku London. Koma tebulo silifunsa kuti mwamenya ndani. Patangotha sabata ziwiri Arsenal idagonja 3-2 kwa Manchester United, mnyamata wa zaka 18, Marcus Rashford, atachinya ziwiri. Patapita masiku atatu idagonjanso 2-1 pakwawo kwa Swansea. Mapointi asanu ndi limodzi amene idalanda kwa Leicester chaka chonse idawataya m'masiku anayi. Leicester, m'masewero 12 otsala, sidagonjenso. Idapambana Norwich 1-0, kufanana mphamvu ndi West Bromwich 2-2, kenako Watford 1-0, Newcastle 1-0, Crystal Palace 1-0, Southampton 1-0. Amene adaonera masewero amenewo akudziwa kuti sadali okoma m'maso. Chigoli chikangolowa, anyamata ankabwerera kumbuyo, kusiyira adani mpira kuti aziuzunguza, iwo n'kumangochotsa ndi mitu chilichonse chogwera m'bokosi. Mu vidiyo sho ena ankadandaula kuti ndalama yawo yapita pachabe. Koma mwayi subwera kasanu m'masewero asanu ndi limodzi ndi zotsatira zofanana. Zimenezo zimachokera ku bwalo la zokonzekera.

Pali malo amodzi pamene tebulo limabisa zoona, ndipo ndi pa nambala 36. Munthu akaiwerenga amaganiza za timu imene inkachinyidwa pafupifupi chigoli chimodzi pa masewero aliwonse kuyambira Ogasiti mpaka Meyi. Sizidali choncho. M'masewero asanu ndi anayi oyamba Leicester idachinyidwa zigoli 17, osatulukapo m'bwalo ngakhale kamodzi ukonde uli wouma. M'masewero 29 otsatira idachinyidwa 19 zokha. Nambala imodziyi yaphatikiza matimu awiri osiyana. Yoyamba inkathamangira kutsogolo n'kusiya khomo lotsegula. Yachiwiri idabadwa Arsenal itawathira zisanu zija, pamene mphunzitsi Claudio Ranieri adasintha otchinga a m'mbali, kuika Simpson kumanja ndi Christian Fuchs kumanzere, anthu osakonda kupita kutsogolo mwachisawawa. Pakati padali Wes Morgan ndi Robert Huth, pagolo Kasper Schmeichel, ndipo patsogolo pawo N'Golo Kanté ndi Danny Drinkwater. Masewero oyamba osachinyidwa adabwera pa 24 Okutobala, 1-0 ndi Crystal Palace. Pofika kumapeto adali 15. Kwa ine apa ndi pamene Ranieri ayenera ulemu wake waukulu: adagonja moipa kamodzi, adaona pamene pakudontha, adakonza, ndipo atakonza sadasinthesinthenso anthu. Morgan ndi Schmeichel adasewera masewero onse 38.

Danga la kufanana mphamvu nalo lili ndi nkhani yake. Kuyambira 1981 ku England kupambana kumapatsa mapointi atatu, kufanana mphamvu imodzi yokha, ndiye timu yofuna chikho imaopa danga limeneli. Leicester ili ndi 12, Tottenham 13. Zikuoneka ngati zofanana, koma pointi imodzi ili ndi njira ziwiri zofikira pa tebulo: ina mumachita kuitola mutatsala pang'ono kutaya zonse, ina ndi chotsalira mutataya ziwiri. Ku Stoke mu Seputembala Leicester idatsalira 2-0 n'kubweza zonse ziwiri. Ku Southampton mu Okutobala chimodzimodzi. Pa 17 Epulo 2016, Jamie Vardy atatulutsidwa, West Ham ikutsogola 2-1, Leonardo Ulloa adamwetsa penate mphindi yomaliza. Tsono onani za Tottenham pa nthawi imene zinthu zidafika pothina. Pa 25 Epulo inkatsogola West Bromwich 1-0 pakwawo, masewero n'kutha 1-1. Pa 2 Meyi inkatsogola 2-0 ku Chelsea popita kokapuma, Eden Hazard n'kudzamwetsa chofananitsa, 2-2. Usiku umenewo Leicester idakhala akatswiri osewera ake ali m'nyumba ya Vardy kuonera pa kanema ngati ife tomwe. Pa tebulo mapointi onsewa alembedwa mofanana.

Ngakhale mzere wachiwiri umanamiza wowerenga amene sadaone chakacho. Pali Arsenal ndi mapointi 71, ngati kuti ndiyo idathamangitsa Leicester mpaka kumapeto. Idali Tottenham. Koma chikho chitapita, Tottenham idafooka m'nkhongono, ndipo pa tsiku lomaliza idathiridwa 5-1 ndi Newcastle, timu imene idali itatuluka kale mu ligi. Arsenal idapambana Aston Villa 4-0 n'kudumpha. Zigoli zisanu za tsiku limenelo zili mkati mwa 35 ya Tottenham ija. Pasadafike tsikulo idali 30.

Tsikirani pansi penipeni. Aston Villa, 38, 3, 8, 27, 27, 76, mapointi 17. Nambala 3 ija yabweranso, koma yakhala m'danga la kupambana. Ndipo 27 ikuoneka kawiri motsatizana: kugonja 27, zigoli zochinya 27. Iyi ndi timu imene idatenga chikho cha ku Ulaya mu 1982, imene idali isadatulukepo chiyambire Premier League mu 1992. Mizere iwiriyi yatalikirana ndi mapointi 64, komabe mu Seputembala Villa inkatsogola 2-0 pabwalo la Leicester isadagonje 3-2, ndipo mu Januwale adafanana mphamvu 1-1. Pa mphindi 90 za tsiku limodzi woyamba ndi womaliza sasiyana kwambiri. Amasiyana zikawerengedwa ka 38.

Amene amati akuluakulu adagona sakunama kotheratu. Umboni wawo uli pa mzere wa 10: Chelsea, kupambana 12, kufanana mphamvu 14, kugonja 12, mapointi 50. Chaka chapitacho timu yomweyi idatenga chikho ndi mapointi 87. Mphunzitsi wake José Mourinho adachotsedwa ntchito mu Disembala 2015, patangopita masiku atatu Leicester itamugonjetsa 2-1. Mapointi 81 sakadakwana chikho chaka cham'mbuyocho kapena chotsatiracho. Zimenezo n'zoona. Koma Manchester United idatenga chikho ndi mapointi 80 mu 2010/11, ndi 75 okha mu 1996/97, ndipo sindidamvepo wina akunena kuti Alex Ferguson adatola. Kugona kwa Chelsea kudatsegulira khomo matimu 19 onse mofanana. Woyandikira kwambiri adatsalira ndi mapointi khumi. Komanso pa 6 Febuluwale Leicester idapita kwa Manchester City, yemwe pa nthawiyo adali wachiwiri, n'kukapambana 3-1, Huth ziwiri, Riyad Mahrez chimodzi. Mu Januwale idali itapambana kale 1-0 kwa Tottenham. Akuluakuluwo ena adachita kugonetsedwa.

Zimene tebulo silinena konse ndi mayina a anthu ndi ndalama. Silinena kuti Vardy, amene adachinya zigoli 24 ndipo adamwetsa m'masewero 11 otsatizana, adagwirapo ntchito m'fakitale akusewera m'timu yaing'ono ya Stocksbridge Park Steels, ndipo Leicester idamugula ku Fleetwood mu 2012 ndi mapaundi 1 miliyoni. Silinena kuti Mahrez wa ku Algeria, wa zigoli 17, adachokera ku Le Havre mu ligi yachiwiri ya ku France, n'kudzakhala munthu woyamba wa ku Africa kusankhidwa ndi osewera anzake kukhala wopambana onse ku England. Silinena kuti Kanté, mwana wa makolo ochokera ku Mali, adabwera kuchokera ku Caen anthu ambiri asakumudziwa. Silinenanso kuti chaka chapitacho timu yomweyi idakhala pansi pa tebulo miyezi ingapo, n'kupulumuka popambana masewero asanu ndi awiri mwa asanu ndi anayi omaliza.

Nkhani zimenezi ndi zimene zidakopa mitima kuno. Chidali chaka cha chilala, chimanga chitakwera mtengo, ndipo mu Epulo 2016, Leicester ikuyandikira chikho, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Munthu wopanikizika amakondwa kuona wamng'ono akugwetsa wamkulu, ndipo ngakhale okonda Chelsea ndi Manchester United adayamba kuchemerera anyamata ovala zobiriwira ngati mtambo aja. Kumapeto kwa chaka chomwecho ligi yathu nayo idaona Kamuzu Barracks ikutenga chikho kwa nthawi yoyamba. Komabe tisapitirire muyeso n'kumati Leicester idali timu ya amphawi. Mwini wake, Vichai Srivaddhanaprabha wa kampani ya King Power, adali mmodzi mwa anthu olemera kwambiri ku Thailand. Kuchepa kwa Leicester kudali kwa poyerekeza ndi Manchester City ndi Chelsea basi. Chimene adachita bwino n'kugula anthu oyenera pa mtengo wotsika, n'kuwapatsa ntchito imene aliyense ankaitha.

Ndalama imene tebulo la 2015/16 silikuonetsa idadzaonekera pa tebulo lotsatira. Mu Julayi 2016 Chelsea idagula Kanté, ndipo idachoka pa mzere wa 10 n'kukatenga chikho ndi mapointi 93. Vardy, Mahrez, Morgan, Huth ndi Schmeichel onse adatsala ku Leicester, koma kutsogolo kwa otchinga kumbuyo kudatsala kopanda woseseramo. Ranieri adachotsedwa ntchito mu Febuluwale 2017, miyezi isanu ndi inayi chitengereni chikho. Leicester idamaliza pa mzere wa 12 ndi mapointi 44. Idachinyidwa zigoli 63, ndipo m'danga la kugonja, pamene padali 3, padalembedwa 18.