Kukhoza 80 pa 100 si umboni woti mwana wadziwa

Mu 2019, Sarah Richling, Larry Williams ndi James Carr adafalitsa kafukufuku mu Journal of Applied Behavior Analysis wokhudza funso la tsiku ndi tsiku: mwana akhoze kangati kuti mphunzitsi apite ku phunziro lina? Akatswiri amene adafunsidwa adatchula kwambiri muyezo wa 80 pa 100, katatu motsatizana. Atauyesa pa ophunzira anayi amene ali ndi ulumali wochedwetsa kuphunzira, ofufuzawo adapeza kuti nthawi zina luso lofika pa 80 silikhalitsa. Mu 2018, Jessica Fuller ndi Daniel Fienup adayerekeza 50, 80 ndi 90 pa ana atatu a autism, ndipo zophunzitsidwa mpaka 90 ndizo zidakumbukika bwino patapita masabata angapo.

Ntchito ziwirizi zathandiza kuonetsa kuti 80 ndi chizolowezi chabe. Pa mawu khumi, mwana akhoza kulephera awiri omwewo tsiku lililonse, mwina "ng'ombe" ndi "ng'ona" chifukwa sakusiyanitsa ng' ndi ng, koma n'kulembedwa kuti wadziwa. Nanga ku Mozambique kuno, kumene 10 pa 20 ndi kukhoza kale?

Komabe umboniwu ndi wochepa. Ana onse pamodzi ndi asanu ndi awiri, ndipo ankaphunzitsidwa mmodzimmodzi, zosiyana kutali ndi kalasi yodzaza ya ku Angónia. Chachikulu n'chakuti ofufuzawo adayang'ana kukumbukira zomwezo zimene mwana adaphunzitsidwa. Mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri amafuna zoposa pamenepo. Mwana wowerenga Chinyanja pa bolodi ayenera kuwerenganso m'buku limene sanalionepo, kenako lusolo alitengere ku Chipwitikizi, kumene liwu la ny limalembedwa nh. Kubwereza mawu khumi mpaka 100 pa 100 kungathe kubala mwana woloweza maonekedwe a mawuwo osadziwa kuphatikiza zilembo, ndipo kumadya nthawi ya maphunziro ena.

Choncho kungokweza nambala sikokwanira. Mphunzitsi alembe liwu lenileni limene mwana akulephera, osati malikisi onse pamodzi. Pakapita masabata atatu amuyesenso mosamukonzekeretsa, ndipo pa mayesowo asakanize mawu atsopano okhala ndi zilembo zomwezo, monga "ng'anjo" pambali pa "ngoma".