Luso Lonyamula Bodi ya Beetle Popanda Makina

Ndimawapatsa ulemu amakaniko amene amalekanitsa bodi ya Volkswagen Beetle yakale ija, galimoto imene inaleka kupangidwa mu 2003 mumzinda wa Puebla, ndi chesisi yake popanda makina okwezera. Amachotsa thanki ya petulo, namasula chiwongolero, mawaya ndi mabawuti onse a pansi. Bawuti imodzi ikaiwalika, chitsulo chimapindika.

Chimene chimandigwira mtima n'chisamaliro chawo pa zitseko. Dzimbiri likadya m'munsi, amayamba awotcherera zitsulo mopingasa pakhomo kuti bodi isakhote, zitseko n'kudzakana kutsekeka. Kenaka jeke pang'ono uku, pang'ono uko, matabwa ochindikala akulowa pansi, mpaka bodi itakhazikika pa migolo. Chesisi amangoikankha, n'kutuluka pa matayala ake, dzimbiri lobisika lija n'kuonekera poyera.