Emoji Ngati Manja a Wolemba: Kuunika Ganizo la Gretchen McCulloch

1. Mau Oyamba

Liu lakuti emoji ndi la Chijapani: e ndi chithunzi, moji ndi chilembo. Mu 1999 Shigetaka Kurita anajambulira kampani ya NTT DoCoMo tizithunzi 176, ndipo mu 2010 bungwe la Unicode Consortium linalowetsa tizithunzi totere m'kaundula wake wa zilembo za makompyuta. Pamene a Oxford Dictionaries anasankha kankhope koseka mpaka misozi kukhala liu la chaka cha 2015, mphekesera inawanda yakuti kwabadwa chiyankhulo cha anthu onse. M'buku lake lotchedwa Because Internet (2019), Gretchen McCulloch akunena kuti emoji si chiyankhulo, koma ndi manja ndi nkhope za wolemba. Pepala lino likuvomereza ganizoli, komanso likusonyeza pamene laperewera.

2. Pamene Ganizoli Lakhoza

Chiyankhulo chimadziwika ndi malamulo ake. Emoji alibe nthawi ya mneni, alibe mgwirizano, ndiponso sasiyanitsa wochita ndi wochitiridwa. Chimene amachita ndicho kuperekeza mau, monga dzanja liperekeza pakamwa. Eli Dresner ndi Susan Herring anaona zofananazo mu 2010 pa tinkhope ta zizindikiro tonga :-) pamene anasonyeza kuti ntchito yake kawirikawiri ndiyo kuulula cholinga cha chiganizo, osati chimwemwe cha wolemba chokha.

Tiyese ndi Chichewa. Chiganizo chakuti "Mwachita bwino" chikhoza kukhala kuyamika kapena kunyogodola. Poyankhula, kamvekedwe ka mau ndi nkhope zimadula mlandu. Pa WhatsApp zonsezi zimasowa, ndipo kankhope ka kumapeto ndiko kamagwira ntchitoyo. Komabe malire alipo: kalembedwe kathu sikasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, ndipo kankhope sikangathetse vuto limeneli. Kamaunikira cholinga cha chiganizo, osati kamvekedwe ka liu lililonse.

3. Pamene Ganizoli Laperewera

Fanizo la manja likubisa funso la mwini. Dzanja ndi la woyankhula, ndipo tanthauzo la kagwedezedwe kake limakula pakati pa anthu amene amaligwiritsa ntchito. Emoji watsopano amavomerezedwa ndi komiti ya bungwe lija, limene likulu lake lili ku California, ndipo kampani iliyonse imamujambula m'njira yakeyake. Mu 2016 kampani ya Apple inasandutsa chithunzi cha mfuti kukhala choseweretsa chothira madzi. Motero kwa kanthawi uthenga umodzi unkaoneka nthabwala pa foni ina, chiopsezo pa inzake. Palibe angasinthe dzanja la munthu ali mkati moyankhula.

Chachiwiri, chikhalidwe cha ojambula chimatsalira m'zojambulazo. M'kaundula muli sushi ndi ramen, koma mulibe nsima, ugali kapena fufu. Kusowa kotereku ndiko kunachititsa O'Plérou Grebet wa ku Côte d'Ivoire kujambula kachithunzi kamodzi ka moyo wa mu Africa tsiku lililonse m'chaka cha 2018. Ngakhale tizithunzi timene tilipo sitimvedwa mofanana. Manja ophatikizana ku Japan ndi kupempha kapena kuthokoza, pamene kwa ambiri kuno ndi pemphero. Manja oomba anajambulidwa ngati kuchemerera, koma kwathu kuomba m'manja ndi ulemunso wopereka kwa akulu.

Chachitatu, tiyerekeze ndi mvekero. Mau onga mbee, psuu ndi zii amajambula chinthu m'maganizo monga emoji, koma amalowa m'chiganizo mwalamulo: timati "kunali zii" kapena "chayera mbee". Waluso akhoza kuutalikitsa mvekero, kuubwereza, ngakhale kupeka wina. Wolemba emoji amangosankha pa zimene wapatsidwa. Choncho emoji ndi manja ndithu, koma manja obwereka.

4. Phunziro kwa Okonza za Ziyankhulo

Nkhaniyi si yachibwana. Mu 2023 khoti la ku Saskatchewan, m'dziko la Canada, linagamula kuti chala chachikulu choimika chimene mlimi anatumiza pafoni chinali kuvomereza pangano la malonda, ndipo anauzidwa kulipira madola a dzikolo oposa 82,000. Tanthauzo limene sitinalifufuze likhoza kudzagamulidwa ndi ena.

Ntchito yathu ili pawiri. Yoyamba ndiyo kufotokoza, osati kuletsa: tisonkhanitse mauthenga, eni ake atalola, tione malo amene emoji amakhala m'chiganizo cha Chichewa, ndi mmene amagawanirana ntchito ndi mpumiro, mfunsiro ndi mvekero. Yachiwiri ndiyo kupempha. Khomo la Unicode silotseka: mu 2016 Rayouf Alhumedhi, mtsikana wa zaka 15, anapempha chithunzi cha mkazi wovala hijab, ndipo chinavomerezedwa mu 2017. Zimene anakhoza mwana wasukulu siziyenera kukanika madipatimenti a ziyankhulo.