Mawu Oyenda ndi Chithunzi

Ndimawagomera achinyamata a ku Chirimba amene amakonza mavidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi makwaya. Kale mayina a akwati ankangoima pansi pa chithunzi. Lero amamatirira pachitseko cha galimoto, ndipo galimotoyo ikakhota pamsewu wa ku Chileka, mayinawo amakhota nayo.

Lusoli amalitcha motion tracking. Wokonza vidiyo amasankha kadontho kooneka bwino, kaya ngodya ya zenera kapena msomali wa pachikwangwani, n'kuuza pulogalamu ngati After Effects kapena DaVinci Resolve kuti izikalondola. Sekondi imodzi imakhala ndi zithunzi 25 kapena 30, ndipo kadonthoko kayenera kupezeka pa chilichonse. Minibasi ikangodutsa kutsogolo kwa kamera, kompyuta imasokera, mawu n'kuyamba kunjenjemera. Apa mpamene mmisiri amadziwikira. Amabwezera kadonthoko pamalo pake ndi dzanja, chithunzi chimodzichimodzi, kenaka n'kuwapatsa mawuwo mthunzi kuti aoneke ngati analipo tsiku lojambulalo.

Pali ena aphunzira okha pa YouTube, ndi bandulo yausiku, magetsi akuthimathima. Inu eni ukwati, ponenerera mtengo muziwaganizira anawa, ntchitoyi imawadyera maso ndi tulo.