Duwa la Pachitseko cha Kabati

Pamsewu wochoka ku Moatize kupita ku Zóbuè, maso amathamangira magalimoto akuluakulu olowera kuchipata cha Mwanza. Ine chinandiimitsa ndi kabati imene inkauma pansi pa mtengo wa mango.

Mmisiri wake anali atapala matabwa a mlombwa, umene kuno amautchanso umbila, mpaka kusalala ngati tsaya la khanda. Fungo la utuchi linasakanikirana ndi la penti. Anatenga kabulashi kothothoka n'kuyamba duwa pachitseko: kufiira kaye, adikire kuume, ndiye masamba obiriwira. Pensulo sanaikhudze. Dzanja limadziwa lokha pokhotera, ndipo mpweya amaugwira mpaka mzere utatha. Mlombwawo sauphimba wonse ayi, poti mizere yake njokongola kale, amangoupaka vanishi.

Fumbi la malasha ku Moatize limadetsa chilichonse, koma mayi akapukuta chitseko chotere ndi kansanza konyowa, duwa limaphukanso. Mashelefu apulasitiki am'sitolo amafanana onse. Amisiriwa akadzatha, mdzukulu adzaizindikira ndi chiyani kabati ya agogo ake, ija inkasunga shuga ndi makapu a alendo?