Cithunzi Sicilankhula Cokha

Pali cithunzi cimodzi cimene mtsogoleri aliyense wa kalasi ya kuwerenga ayenera kucidziwa. Anacijambula Ricardo Rangel m'caka ca 1973 ku Changalane, kumwera kwa dziko lathu, ndipo cimachedwa Ferro em Brasa. Cionetsa kamnyamata koweta ng'ombe, kamene bwana wake anakaocha pamphumi ndi citsulo coikira cizindikiro pa ng'ombe, cifukwa coweta cimodzi cinatayika. Ife a ku Angónia, odziwa mtengo wa ng'ombe, sitifuna wina wotimasulira. Mulibe zokometsera m'cithunzici. Muli nkhope ndi cipsera basi, ndipo ndi pomwepo pagona mphamvu yake.

Tsono tiyerekeze ndi zithunzi zili m'nyumba zathu, zija anatijambula m'situdiyo ku Ulónguè kapena ku Dedza, kaya wojambula wa panjinga wobwera tsiku la ukwati ndi filimu yake ya zithunzi 36. Kumbuyo kuli nsalu yojambulapo nyumba zosanja. Bambo avala jekete lobwereka, mai anyamula wailesi yosakhala yao. Ena amati zimenezi n'zabodza. Ife sitivomera. Kwa Rangel wojambula ndiye anasankha zoti tione, koma m'situdiyo mwini nkhope ndiye amasankha m'mene adzukulu adzamuonere. Munthu wobwerera kumudzi nkhondo itatha mu 1992, wopanda ndi mbuzi yomwe, akaimirira mwaulemu m'jekete lobwereka akunenanso zoona: sanagonje.

Komabe zithunzi za mitundu iwiriyi zili ndi cilema cimodzi. Ambiri odziwa cithunzi ca Rangel sadziwa dzina la mwana uja. Zathunso n'cimodzimodzi: agogo akamwalira, palibe wonena kuti uyu ndani, anali kuti, caka citi. Rangel anayambitsa sukulu ya ojambula ku Maputo mu 1983, kumene zithunzi zambiri zakale zinasungidwa. Ife mosungira mwathu ndi m'sutukesi, momwe cinyontho ndi ciswe zimalowa. Nazo za m'foni zimapita pamodzi ndi foniyo.

Ndiye atsogoleri anzathu, nayi nchito. Wophunzira aliyense abwere ndi cithunzi cimodzi, afotokoze, kenaka alembe yekha kumbuyo kwake dzina, mudzi ndi caka. Alembe ndi pensulo, pakuti inki imalowerera n'kuononga nkhope. Amene sadziwa caka akafunse akuluakulu akadali moyo.