Kamera ya Ozu imakhala pansi

Yasujiro Ozu ankaika kamera yake pafupi kwambiri ndi pansi. M'filimu ya Tokyo Story, yomwe inatuluka mu 1953, woonera amaona zonse ali pamsinkhu wa munthu wokhala pa tatami, mphasa yochindikala imene anthu a ku Japan amayala m'zipinda zawo. Kamerayo siyendayenda. Filimuyi ndi ya mphindi 136, koma malo amene ambiri amakumbukira kuti inasuntha ndi amodzi, ku Ueno mumzinda wa Tokyo, pomwe nkhalamba ziwiri zakhala panja zikusowa kokagona. Aliyense amene anakulira pamkeka akudziwa kuti wokhala pansi sathamangitsa nkhani. Amadikira kuti akulu amalize kulankhula. Ozu ndi wojambula wake Yuharu Atsuta anatikhazika pamenepo, ndipo ulemu umene filimuyi ikulira kuti ukutha uli m'kakhalidwe ka kamera komweko.

Nkhani yake ndi yaifupi. A Shukichi Hirayama ndi akazi awo a Tomi akuchoka kwawo ku Onomichi, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, kukaona ana ku Tokyo. Mwana wamkulu, Koichi, ndi dokotala wa m'dera la anthu wamba. Tsiku lomwe anakonza zokawaonetsa mzinda, akumuitana kwa mwana wodwala. Mlongo wake Shige ali ndi saluni ndipo makasitomala samupatsa mpata. Awiriwa akusonkha ndalama n'kutumiza makolo ku Atami, kumalo osambira madzi otentha, komwe achinyamata akuchezera phokoso usiku wonse. Amene akupempha tchuthi kuntchito kuti awayendetse ndi Noriko, mpongozi wawo, yemwe mwamuna wake Shoji sanabwere ku nkhondo. Atabwerera kwawo, a Tomi akudwala n'kumwalira.

Zimenezi zikuchitika patangopita zaka zochepa lamulo la mabanja litasinthidwa mu 1947. Kale mwana wamwamuna woyamba ankalowa m'malo mwa bambo, kutenga nyumba ndi chuma, komanso udindo wosamala makolo ndi kukumbukira mizimu ya akale. Lamulo latsopano linathetsa dongosolo limenelo, koma chiyembekezo cha makolo sichinathe nalo. Ozu ndi mnzake wolemba naye, Kogo Noda, sakutchula lamulolo m'pang'ono pomwe. Akungotionetsa mdzukulu akunyinyirika chifukwa desiki yake yatulutsidwa m'chipinda kuti agogo apeze pogona.

Luso lalikulu la filimuyi lili pa zimene ikukana kuonetsa. Ulendo wa pasitima wopita ku Tokyo sitiuona. Kudwala kwa a Tomi m'sitima pobwerera timangokumva ena akukamba. Ngakhale imfa yawo Ozu akuibisa: akutichotsa m'chipinda, kutionetsa doko m'mamawa ndi msewu wopanda munthu, ndipo pobwerera tikupeza ana atakhala mozungulira, nkhope ya mayi itaphimbidwa kale ndi kansalu. Wina akanaika apa kulira kwa mfuu ndi nyimbo yokoka misozi. Apa bambo ali panja, akuyang'ana kutuluka kwa dzuwa, ndipo Noriko atawapeza akukamba za kutentha kwa tsikulo. Chishu Ryu, amene akusewera bamboyu, anali ndi zaka 49 zokha, koma nkhalamba yake ndi yeniyeni chifukwa sakuchita zambiri: kupinda msana, kuyankha mochedwa, kukupiza chikupizo. Chisoni chikukula chifukwa mwini wake wachimeza, ndipo woonera ndiye akusenza chotsalacho. Pakati pa zochitika Ozu amaikanso zithunzi zopanda munthu, monga machumuni a fakitale kapena zovala pachingwe, ndipo zimapatsa woonera nthawi yoti zimene wamva zikhazikike.

Kwa ine, amene wanyamula filimuyi ndi Haruko Sugimura, yemwe akusewera Shige. Akudzudzula mwamuna wake pogulira makolo makeke odula. Atamva kuti mayi adwala, akufunsa mchimwene wake ngati atengeretu zovala za maliro. Mwambo wa maliro utangotha, akupempha zovala zina za malemu. Komatu ndi Shige yemweyu amene akuyamba kulira atamva kuti mayi safika m'mawa, ndipo misozi yake si yachiphamaso. Ozu sakumuika pamlandu. Akumujambula pamsinkhu womwewo, ndi kuwala komweko, ngati ena onse, nkhope itayang'ana pafupifupi m'maso mwathu, mpaka woonera akuyamba kuchita manyazi pomuda.

Olemba ena a kunja, monga Paul Schrader m'buku lake la 1972, anafotokoza kajambulidwe ka Ozu kudzera m'chiphunzitso cha Zen. Chilipo choona pamenepo: filimuyi ikuvomereza kuti zinthu zimatha, ndipo Ozu, amene anamwalira mu 1963 pa tsiku lomwe anakwanitsa zaka 60, anaikidwa pakachisi wa Zen wa Engaku-ji ku Kamakura. Koma kufotokoza zonse ndi chipembedzo n'kumuchepetsa. Ozu ankakonda mafilimu a ku America kuyambira ali mnyamata, ndipo nkhani ya Tokyo Story ili ndi ubale ndi Make Way for Tomorrow ya Leo McCarey ya 1937. Ndiponso mafilimu a anzake a nthawi imodzi, Akira Kurosawa ndi Kenji Mizoguchi, amene anakulira m'chikhalidwe chomwecho, ali ndi makamera oyendayenda. Chikhalidwe chinamupatsa chipinda cha tatami ndi anthu osaulula zakukhosi. Kusankha kukhala pansi n'kusasuntha kunali kwake.

Pamene ndikudandaula ndi pa Noriko. Setsuko Hara, yemwe akumusewera, akumwetulira kwambiri moti kwa nthawi yaitali akuoneka ngati chitsanzo cha mpongozi wabwino, osati munthu. Filimuyi ikudziwombola mochedwa, pomwe iye akuulula kwa apongozi ake kuti pamapita masiku osamuganizira malemu mwamuna wake, ndipo iwo akumupatsa wotchi ya a Tomi n'kumuuza kuti akwatiwenso. Pamenepo mpamene tikuzindikira kuti kumwetulira kuja kunali ntchito yolemetsa, ndi kuti mwambo woyamikira mkazi wamasiye wokhulupirika ndi womwewo ukumudya.

Funso la amene asamale okalamba silinachoke ku Japan, dziko limene tsopano anthu oposa mmodzi mwa anayi alionse ali ndi zaka 65 kapena kuposerapo. Hirokazu Kore-eda anabwerera ku nyumba ya makolo m'filimu yake ya Still Walking ya 2008, ndipo Yoji Yamada anakonzanso nkhani ya Ozu mu 2013 pansi pa dzina la Tokyo Family. Mu 2012 otsogolera mafilimu amene anafunsidwa ndi magazini ya Sight and Sound anaika Tokyo Story pamwamba pa mafilimu onse. Wofuna kudziwa za ulemu wa ku Japan aiwonere kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo maso akhale pa Shige.